Mutu 6: Sipika ya Kumanzere

1. Katswiri wa pakhomo

Kunyumba ndi kusukulu komwe ankamutchula kuti Kanthambo, chifukwa timawaya ta mahedifoni sitinkachoka m'khosi mwake. Ankadya nato, ankatsuka mbale nato, ndipo amayi ake ankati tsiku lina adzasamba nato.

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ku sekondale kwawo ndiye ankayendetsa zokuzira mawu pa zochitika zonse. Anyamata atatu anaulimbirana udindowo, koma aphunzitsi a zisudzo anasankha iyeyo. "Mwanayu ali ndi khutu," anatero.

Loweruka lina m'mawa bambo ake, omwe ankayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, anadzuka ndi tepi yoyezera m'manja. Pabalaza panali patangopakidwa penti, ndipo kanema watsopano anali atapachikidwa kale pakhoma.

"Kanemayu chithunzi ali nacho, koma mawu ake ali ngati munthu akulankhulira m'chitini," anatero bambowo. "Zaka zonsezi mpira ndaumvera pa kawailesi ka m'thiraki. Tsopano ndikufuna kuti chigoli chikalowa, ndizimva ngati ndakhala pakati pa ochemerera."

"Aneba atithamangitsa," anatero amayi ali kukhitchini.

"Aneba tiziwaitana adzaonere nawo. Kanthambo, gwira tepiyi uko."

Anayeza balazalo. Linali mamita asanu m'litali, anayi m'lifupi. Kanthambo analemba manambalawo padzanja.

"Katswiri wathu ndiwe," anatero bambo ake. "Chimene unene kusitoloko, n'chimene titenge."

Akutuluka onse atatu, amayi anamugwira paphewa. "Ndakuitana katatu kuti utseke mawindo. Timawaya takoto tikukugonthetsa."

"Sitikulira n'komwe bwino, amayi. Kakumanzereka kafanso. Awa ndi mahedifoni achitatu mwezi uno. Zinthu za masiku ano n'zosalimba."

Anawapinda n'kuwaponya m'thumba la siketi.

2. Kwa Amisiri

Sitoloyo inali pamsewu wa anthu ogulitsa zamagetsi, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa mafiriji. Mwini wake anali mkulu wa imvi amene aliyense ankangowatchula kuti Amisiri. Kuseri kwa khutu lawo kunali kachipangizo kothandiza kumva, ndipo munthu akamalankhula ankamuyang'ana pakamwa.

Bambo anafotokoza chimene ankafuna. Amisiri anawatengera pa shelefu.

"Njira zilipo ziwiri. Iyi ndi sipika imodzi yaitali, mumangoiika pansi pa kanema, basi mwathana nazo. Mawu ake ndi abwino, koma onse amachokera kutsogolo. Njira inayi ndi masipika asanu ndi chisipika chachikulu cha mabesi, mawu ogunda aja. Atatu kutsogolo, awiri kumbuyo kwa mipando."

"Ya pakatiyo ndi ya mawu a anthu olankhula," Kanthambo analowerera. "Akumbuyowo ndi a mvula, magalimoto ndi ochemerera. Koma pamafunika ampulifaya yoti izigawa mawuwo."

Amisiri anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ameneyu mwamutenga kuti?"

"Ndi wathu," anayankha bambo akuseka, mtima uli m'malo.

"Ndiye nena, mwana wanga. Masipika okhawo akwanira?"

"Ayi. Filimu ikabwera ndi mawu a mbali ziwiri zokha, akumbuyowo azingokhala duu. Pamafunika kabokosi kolumikiza kanema ku intaneti, ndiponso kulembetsa kwa oonetsa mafilimu amene mawu awo anagawidwa kale m'mbali zonse. Intanetiyo ikhalenso yamphamvu."

"Mwamva?" anatero Amisiri. "Ndipo musanamizidwe ndi timabokosi ta m'misewu, toti muziona chilichonse mwaulere. Zimenezo n'zakuba. Chithunzi chimadukaduka, mawu amabwera ophwanyika, ndipo mawa lake mumapeza tatsekedwa. Koma zomvera siziweruzidwa ndi maso. Tiyeni mukamve nokha."

3. Chipinda chomvereramo

Kuseri kwa sitoloyo kunali kachipinda kopanda windo, makoma ake okutidwa ndi nsalu zochindikala. Munali mipando itatu. Amisiri anakhazika Kanthambo pa wapakati, bambo ndi amayi ake n'kukhala m'mbali mwake.

"Apa ndi pamene mawu onse amakumana. Katswiri akhale apa."

Anazimitsa getsi n'kudina rimoti. Pa kanema panaoneka msewu wa mumzinda, mvula ikugwa. Chisipika cha mabesi chinagunda ngati bingu mpaka mipando inanjenjemera. Bambo anawomba m'manja.

Mwadzidzidzi amayi anakuwa n'kudzigwira kumutu. Bambo anawerama, kenaka onse awiri anacheukira kumbuyo, mbali ya kumanzere.

"Mayo ine! Ndimayesa windo lasweka kumbuyo kwangaku!" anatero amayi, dzanja lili pamtima.

Kanthambo sanacheuke. Iye anangomva kakuphwanyika kakutali, kosadziwika kumene kachokera.

"Amisiri, sipika ya kumanzere kumbuyoku sikutulutsa bwino mawu," anatero molimba mtima. "Mwina waya wamasuka."

"Yomweyi yandidzidzimutsa ineyi?" anafunsa amayi.

Amisiri anaimitsa filimuyo n'kuyatsa getsi. Waya sanamugwire n'komwe.

"Tiyese chonchi," anatero. "Ndiziliza kaphokoso m'sipika imodziimodzi. Iwe utseke maso, uziloza kumene kakuchokera."

"Zimenezo ndiye za ana kwa ameneyu," anatero bambo.

Kanthambo anatseka maso. Kaphokoso konga mphepo kanamveka, iye analoza kutsogolo kumanja.

"Wakhoza," anatero bambo.

Kanamvekanso, analoza kumbuyo kumanja. Anakhozanso. Kachitatu kanamveka motsika, ngati kakuchokera kuseri kwa chitseko. Anazengereza pang'ono, n'kulozanso kumanja.

Bambo anaphulika kuseka. "Iwe usatiseweretse! Kali kumanzere, pafupi ndi phewa lakoli!"

Kachinayi analozanso kumanja. Amayi nawo anaseka, poganiza kuti mwana wawo akuchita dala. Amisiri okha sanaseke.

Filimu itayambanso ndipo getsi litazima, Kanthambo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kutseka khutu lakumanja ndi chala.

Mvula inaleka. Magalimoto analeka. Milomo ya anthu a pa kanema inkayenda, koma mawu awo ankamveka ngati ali pansi pa madzi. Chimene chinatsala chinali kunjenjemera kwa mpando ndi kamluzu kopyapyala kolira mkati mwa mutu wake.

Anachotsa chalacho msangamsanga ngati wagwira mbaula. Dziko lonse linabwerera, koma linalowera mbali imodzi.

"Ndikupita kokataya madzi," anatero, n'kutuluka.

M'kanjira ka kuseri, pakati pa makatoni, anatulutsa mahedifoni aja n'kuwalumikiza ku foni. Anayatsa nyimbo. Anatenga kakumanzere, kamene ankati n'kakufa, n'kukaika m'khutu lakumanja.

Kanalira bwinobwino, mokweza, popanda vuto lililonse.

Anakhala pa katoni. Mahedifoni awiri aja anawataya mwezi umenewo analibe mlandu.

4. Chisankho

Atabwerera anapeza bambo ake akusisita imodzi mwa masipika aja ngati mwana wa mbuzi.

"Wamva wekha, mwana wanga. Nanga titenge ziti?"

Lachisanu lotsatira kusukulu kunali mpikisano wa zisudzo, ndipo woyendetsa mawu anali iye. Masipika asanu akalowa m'nyumba, tsiku lililonse anthu azicheuka iye osacheuka, ndipo chinsinsi chake sichingathe sabata. Sipika yaitali ija sikanamuulula.

"Titenge yaitali ija," anatero maso ali pansi.

Bambo anadabwa. "Yaitali? Si iwe umanena za ochemerera kumbuyo?"

"Balaza lathu ndi laling'ono. Mawaya azingotipinga."

Nkhope ya bambo inagwa, koma anagwedeza mutu. "Chabwino. Ndinanena kuti chimene unene ndi chomwecho."

"Bola imeneyo," anatero amayi. "Mtima wanga sungapirire mawindo osweka tsiku ndi tsiku."

Amisiri anauza makolowo kuti apite kutsogolo akaione bwino sipikayo. "Katswiriyu atsale kaye, andithandize kusankha waya."

Anamutengera pa tebulo lawo la ntchito, pomwe panali mawailesi otsegulidwa ndi timabotolo ta masikuluwu. Anamukhazika pa kampando, iwo n'kukhala mbali ya kumanja kwake.

"Mwana wanga, ine sindine dokotala, ndiponso sindine bambo ako. Koma ndinaona zimene unachita ndi chala chija mumdima muja. Ndinazizindikira chifukwa inenso ndinazichitapo, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, kuseri kwa siteji.

"Nthawi imeneyo ndinkayendetsa zokuzira mawu za bandi ina. Tikamaliza kuimba, makutu ankalira ngati mwalowa nkhululu. Ndinkati n'kutopa, ndipo kukacha kulirako kunkatha. Kenaka kunayamba kutenga masiku awiri. Kenaka sikunathenso.

"Sindinauze munthu, poopa kuti andichotsa ntchito. Ndinaphunzira kugwedeza mutu pamene sindinamve, ndi kuseka anzanga akaseka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikunamiza anthu. Tsiku limene ndinapita kuchipatala, dokotala anandifunsa funso limodzi lokha: 'Munali kuti nthawi yonseyi?'

"Ntchito imene ndinkaitetezayo inathabe. Koma chimene chimandipweteka mpaka lero si ntchitoyo ayi. Mwana wanga woyamba ananena mawu ake oyamba ali pamiyendo pangapa, ndipo ine anachita kundiuza amayi ake kuti mwana walankhula.

"Mkati mwa khutu muli tinthu tating'onoting'ono timene timagwira mawu. Phokoso likatipsereza, sitimeranso. Sipika ikapsa ndimaitsegula pa tebulo pano n'kukulunga waya watsopano. Khutu lilibe sipeya m'sitolo iliyonse.

"Mwina lakolo silinafike pamenepo. Mwina ndi phula chabe latseka, mwina ndi matenda ochizika. Ine sindikudziwa. Koma amene angadziwe sali m'sitolo muno, ndipo matenda ena a khutu sadikira munthu. Sipika yaitaliyo ndi yabwino, ndikugulitsani. Koma iwe sunaisankhe chifukwa cha balaza. Waisankha kuti ubisale kuseri kwake."

Misozi inali itayamba kale kutsika m'masaya mwa Kanthambo. "Akadziwa kusukulu andilanda udindo, agogo."

"Mwina akulanda. Sindikunamiza."

"Ndiye muwauza makolo anga?"

"Ayi. Khutu ndi lako, pakamwa ndi pako. Tenga waya uyu, ukawapatse bambo ako."

5. Pa kauntala

Anapeza bambo ake atanyamula kale katoni ya sipika yaitali ija. Amayi ankawerenga kapepala ka malangizo.

Kanthambo anaika wayayo pa kauntala.

"Bambo, ikani kaye pansi katoniyo."

"Wasinthanso maganizo?"

"Ndakunamizani. Balaza lathu si laling'ono. Masipika asanu aja akhoza kukwana bwinobwino." Anawayang'ana m'maso. "M'chipinda muja sindimachita dala. Khutu langa lakumanzere silikumva."

Bambo anamuyang'ana ngati walankhula chinenero chachilendo. Katoni ija inatsetsereka m'manja mwawo n'kugunda pansi.

"Ukuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Silikumva, amayi. Mukungolira kamluzu."

Amayi anasiya kapepala kaja. Anamutembenuza mwana wawo, n'kumutseka khutu lakumanja ndi chikhatho. Anaika pakamwa pafupi ndi lakumanzere n'kunong'ona mawu. Kanthambo anangomva mpweya wofunda patsaya.

"Ndati chiyani?"

"Sindinamve."

Amayi ananong'onanso, mokwezerako. Kanthambo anapukusa mutu. Amayi anabwerera m'mbuyo n'kutsamira shelefu, dzanja lili pakamwa.

"Zayamba liti zimenezi?" anafunsa bambo. Mawu awo anali otsika kwambiri.

"Masabata atatu apitawo. Loweruka lija ndinati ndikupita ku maphunziro apadera. Sindinapite kumeneko. Ndinapita ndi anzanga kubwalo la masewero, kunali oimba. Ndinkafuna kuona mmene amalumikizira zida zawo, ndiye ndinaima pafupi ndi masipika aakulu masana onse. Anali mbali iyi." Anagwira khutu lakumanzere. "Pobwerera linkalira. Ndinkayesa lisiya. Kuti ndisamamve kulirako ndinkangokweza nyimbo m'mahedifoni."

Anthu awiri amene ankasankha mawailesi anasiya n'kumayang'ana. Amayi sanawasamale.

"Mwana iwe, za bodza lakolo tikambirana kunyumba, ndipo tikambirana ndithu. Koma tamvera kuno. Ine ndakhala ndikukukalipira masabata atatu kuti ndiwe wamwano, kuti ndikakuitana umandinyalanyaza. Dzana ndinakulanda foni tsiku lonse chifukwa cha zomwezo. Iwe osanena kanthu! Unkaganiza kuti tikumenya chifukwa chodwala? Thupi likayamba kuchita zachilendo, munthu amanena tsiku lomwelo. Ukaopa ine, uza bambo ako. Ukaopa bambo ako, uza aphunzitsi. Chilango chimatha, mwana wanga, koma chiwalo chikawonongeka ukhala nacho moyo wako wonse."

"Pepani, amayi."

"Wachita bwino kunena," anatero bambo. Anatola katoni ija n'kuibwezera pa kauntala. "Amisiri, mutikhululukire. Lero sitigula kanthu."

"Katundu sathawa," anayankha Amisiri. "Musadikire Lolemba. Chipatala chachikulu chili ndi mbali ya makutu, ndipo Loweruka amatseka mochedwerako. Pitani pompano."

6. Mizere iwiri

Pa benchi ya kuchipatala anadikira maola awiri. Bambo ankangotembenuza tepi yoyezera ija m'manja, osadziwa n'komwe kuti anaitenga.

Dokotala wa makutu anali mayi wamfupi wolankhula modekha. Anamvetsera nkhani yonse osamudula Kanthambo pakamwa. Kenaka anaunika m'makutu onse awiri ndi katochi.

"Phula mulibe, ndipo simunatupe," anatero. "Tiyeni tiyeze kamvedwe."

Anamulowetsa m'kachipinda kokhala ndi windo lagalasi, n'kumuveka mahedifoni aakulu. M'dzanja anamupatsa kabatani.

"Ukamva kulira kulikonse, ngakhale kochepetsetsa, udine."

Kanthambo anadina, n'kudina, n'kudinanso. Kenaka panadutsa nthawi yaitali osamva kanthu. Kudzera pagalasi paja ankaona dokotala akusuntha zala pa makina, ndipo amayi ake ankayang'ana chala chake chimene chinangoima pa batani.

Atatuluka, makinawo anasindikiza pepala. Dokotala analiyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Mahedifoni umawavala maola angati pa tsiku?"

"Mwina asanu. Mwina kuposa."

"Kuyambira liti?"

"Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri."

Dokotala anaika pepalalo pa tebulo n'kulitembenuzira kwa makolowo. Panali mizere iwiri, wina wabuluu, wina wofiira.

"Munthu womva bwino mizere yake imayenda m'mwamba umu, mowongoka. Wabuluuwu ndi khutu lakumanzere, limene mwabwerera. Mukuona mmene watsikira. Limeneli tiyamba kulithandiza lero lomwe, ndipo tiona mmene liyankhire. Mukanachedwanso sabata zina, ndikanalankhula zina."

Mtima wa amayi unakhalako pansi. Koma bambo anali akuyang'anabe pepalalo. Anaika chala pa mzere wofiira n'kuutsatira. Unayenda mowongoka mpaka pakati, kenaka chakumapeto unagwera pansi.

"Nanga wofiirawu, adokotala?"

"Limenelo ndi khutu lakumanja."

"Koma lakumanja ndi labwinolo," anatero Kanthambo. "Ndi limene ndikumvera."

Dokotala anadzuka n'kukatseka chitseko. Anakoka mpando wake n'kuuika pafupi ndi mtsikanayo.

"Bambo, khalani pansi," anatero. "Khutu lakumanjali nalonso mahedifoni ayamba kuliwononga, ndiye tiyenera kukambirana bwinobwino."